ZA MWANA WOBADWA NDI MKONO WOLOBODOKA: MAKOLO ANGADANDAULE KUTI?



Mwezi uno tifuna kukamba nanu nkhani imene mabanja ambiri amaibisa kuchipinda. Ife amene timayendera miphakati ndi kulemba maina a ana odzabatizidwa, timakumana nthawi zina ndi khanda limene mkono wake umodzi sugwedezeka. Tikafunsa, amai amaweramitsa mutu, abambo amayang'ana kumbali, ndipo agogo amangoti: ndi mmene anabadwira. Koma kuseri kwa mau amenewa kuli kunong'onezana, kuganizirana ufiti, ndi kunenezana za chigololo. Ndipo pamene akulu ali kukangana, masiku othandizira mwanayo ali kutha. Chifukwa chake tatsimikiza kulongosola poyera chimene chimabvulaza mkonowo, ndi makomo amene malamulo a dziko lathu anatsegulira makolo ofuna kumva zoona ndi kupeza chilungamo.

Chimene chimachitika pobadwa

Mulungu anaika m'khosi mwa munthu, mbali iriyonse, mitsempha isanu yonyamula mauthenga. Imatuluka m'fupa la msana, nilukana ngati luzi, nitsikira kuphewa, kumkono mpaka kuzala. Ubongo ukafuna kuti dzanja linyamuke, uthenga umayenda m'mitsempha imeneyi. Tsono zimachitika kuti mutu wa mwana watuluka bwino, koma phewa lakodwa kuseri kwa fupa la kutsogolo la chiuno cha mai. Iyi ndi nthawi yoopsa ndithu, pakuti mwana sangakhale motero mphindi zambiri osapuma. Mutu ukakokedwa mwamphamvu, kapena khosi likapindikira mbali imodzi, mitsempha ija imatamuka, mwina kung'ambika, mwinanso kuzuka kumene pa tsinde lake. Bvutoli limaoneka kawirikawiri mwana akakhala wamkulu kopitirira makilogalamu 4, mai akakhala ndi matenda a shuga, matenda akubereka akatalika, kapena mwana akatsogoza matako.

Mwana wobvulala chotere mumzindikira msanga. Mkono umagona pambali pa thupi, chigongono chiri chowongoka, chikhatho chitayang'ana kumbuyo. Akadzidzimuka amatukula dzanja limodzi lokha. Kawirikawiri zala zimagwirabe. Koma ngati mitsempha yonse isanu yakhudzidwa, mkono wonse umafooka mpaka kuzala, ndipo mwina chikope cha mbali yomweyo chimagwa pang'ono.

Madokotala amati mwa ana 1,000 obadwa, mmodzi kapena awiri amabvulala motere. Dokotala wa ku France dzina lake Duchenne anafotokoza za makanda otere m'chaka cha 1872, ndipo Wilhelm Erb wa ku Germany analongosola za mitsemphayo mu 1874. N'chifukwa chake kuchipatala mudzamva akutchula dzina la Erb. Ngakhale ana a mafumu sanapulumuke. Kaiser Wilhelm wachiwiri, amene asilikali ake anamenyana ndi a Mangerezi ku Karonga mu 1914, anabadwa mu 1859 mobvutikira, atatsogoza matako, ndipo mkono wake wamanzere unakhala wofooka ndi waufupi moyo wake wonse. Panalibe mfiti m'nyumba yachifumu ija. Panali kubereka kobvuta basi.

Tinene mosabisa: mwambo woumiriza mai amene wachedwa kuchira kuti aulule amuna amene anayenda nao ndi woipa, ndipo Mkristu asaubvomereze pakhomo pake. Chimene chimagwira phewa la mwana ndi fupa, si tchimo. Kumbukirani kuti ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona, Ambuye Yesu anakana kuika mlandu pa iye kapena pa makolo ake.

Choyamba, mkono wa mwana

Tisanafike pa za malamulo, mverani ichi, pakuti n'chachikulu koposa. Ana ambiri obvulala motere amachira m'miyezi yoyambirira, makamaka ngati mitsempha inangotamuka. Chofunika n'chakuti mfundo za mkono zisaume pamene mitsempha iri kupola. Pitani naye kwa a mafizo pa chipatala cha boma cha Kasungu, akakuphunzitseni kupinda ndi kutambasula phewa, chigongono ndi zala mofatsa, tsiku ndi tsiku. Musamteme mphini, musamtsine ndi madzi otentha, pakuti khungu la mkono wotere mwina silimva kupsa. Dokotala ayambe wapima, chifukwa nthawi zina chothyoka ndi fupa la pakati pa khosi ndi phewa, ndipo limenelo limalumikizana lokha m'masabata ochepa.

Koma mwana akakwanitsa miyezi 3 asanayambe kupinda chigongono kuti dzanja lifike kukamwa, musadikirenso. Pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, kumene mu 2023 anatsegula chipatala cha mafupa ndi mitsempha chotchedwa LION. Kapena ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala cha mafupa a ana chimene chinayamba nchito mu 2002. Opareshoni yolumikiza mitsempha imathandiza mwana akadali wa miyezi yochepa. Inu alimi a fodya mudziwa bwino kuti mbande zikakulira pa nazale, kuokera kwake sikupindula.

Si kubvulala konse kumene kuli mlandu

Makolo ena akamva kuti mkono unabvulala pobadwa, amati basi namwino ndiye wolakwa. Tiyeni tidekhe. Mzamba angathe kuchita zonse moyenera, mwana n'kubvulalabe. Ndipo mwina kukoka kumene kunabvulaza mkono ndiko kunapulumutsa moyo. Alipo ana amene amabadwa ndi bvutoli ngakhale phewa silinakodwe konse. Tidziwanso kuti anamwino athu amagwira nchito yolemetsa, mmodzi kusamala amai ambiri usiku umodzi. Kunamizira munthu ndi tchimo lolakwira lamulo lachisanu ndi chitatu.

Komabe kusasamala kulipo, ndipo lamulo limakudziwa. Kuti khoti ligamule kuti panali kusasamala, wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zinai: kuti chipatala chinali ndi udindo wosamala mai ndi mwana, kuti wogwira nchitoyo sanachite monga akanachitira mnzake wophunzira bwino ndi wosamala pa nchito yomweyo, kuti kulephera kumeneko ndiko kunadzetsa kubvulala, ndi kuti mwanayo waonongekeradi kanthu.

Mafunso amene odziwa amafunsa ndi onga awa. Kodi kusikelo anapima shuga ndi kukula kwa mimba? Kodi mai atachedwa kuchira, analemba kayendedwe ka matenda pa pepala lake, namtumiza msanga ku chipatala chachikulu? Kodi phewa litakodwa, mzamba anaitana anzake, napinda maondo a mai kufika pachifuwa, nakanikiza pamwamba pa fupa la chinena, monga amaphunzitsidwa? Kapena anangokoka mutu ndi mphamvu, wina ali kukankha mimba kuchokera kumtunda, chimene n'choletsedwa pa nthawi yotere? Kodi mwana atabadwa anampima, nauza makolo zoona?

Ku Scotland kunali mlandu wotchuka wa nkhani yomweyi. Mai wina, Nadine Montgomery, wamfupi msinkhu ndiponso wodwala shuga, anabereka mwana wamwamuna mu 1999. Phewa linakodwa, mitsempha ya mkono inabvulala, ubongonso unaonongeka posowa mpweya. Dokotala wake anadziwa kuti mwa amai 100 odwala shuga, 9 kapena 10 amakumana ndi kukodwa kwa phewa, koma sanamuuze, poopa kuti angasankhe opareshoni. Mu 2015 khoti lalikulu koposa la ku Britain linagamula kuti mai ayenera kuuzidwa zoopsa zenizeni ndi njira zina zimene ziripo, kuti asankhe yekha. Ndipo banjalo linalandira mapaundi oposa 5 miliyoni. Chigamulo chimenechi sichimanga oweruza a ku Malawi, ngakhale iwo amaunika zigamulo za kumeneko poganizira milandu yofanana nayo. Ndiponso ndalama zotere musaziyembekeze kuno. Koma phunziro lake ndi lathu: mai woyembekezera ali ndi ufulu wofunsa ndi woyankhidwa. Safunsa anadya phula.

Sungani umboni

Mlandu wopanda mboni umagwa, ndipo mboni yoyamba ndi pepala. Sungani buku la kusikelo la mai ndi buku la kuchipatala la mwana pouma, kutali ndi chiswe ndi utsi. Pemphani dokotala alembe m'bukumo, ndi tsiku lake, kuti mkono sugwira nchito. Amai amene anaperekeza wodwala afotokoze zimene anaona mitima idakakumbukira, ndipo wina wodziwa kulemba alembe: nthawi imene munafika, nthawi imene anakuonani, nthawi imene mwana anabadwa, ndi mau amene munauzidwa. Amene ali ndi foni yojambula ajambule mkonowo mwezi ndi mwezi. Sungani malisiti onse a ulendo ndi a mankhwala. Chipatala chimasunga failo yakeyake. Lembani kalata yopempha zolembedwa zokhudza inu ndi mwana wanu, musunge kope lake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zolembedwa za m'maofesi linayamba kugwira nchito mu 2020.

Tichenjeza makamaka abale athu ogwira nchito m'minda ya fodya ya eni ake, amene amasamuka msika wa ku Chinkhoma ukatsekedwa. Posamuka, mapepala a mwana akhale m'thumba limodzi ndi kalata ya ubatizo.

Makomo anai

Ambuye anatiphunzitsa kuti mbale akatilakwira tiyambe takamba naye, ndipo akakana kumva tiitane mboni, kenaka akulu. Malamulo a dziko ali ndi makwerero ofanana ndi amenewa.

Khomo loyamba ndi chipatala chomwecho. Kuyambira mu 2018 Unduna wa Zaumoyo unaika m'zipatala munthu wolandira madandaulo a odwala, wotchedwa ombudsman wa pachipatala. Mfunseni ameneyo, kapena mkulu wa chipatala, kapena a komiti ya anthu a m'midzi yoyang'anira chipatalacho. Musapite nokha, ndipo musapite ndi mwano. Pemphani akulongosolereni chimene chinachitika, ndi chithandizo chimene mwana adzalandira. Kudandaula kuno kulibe malipiro. Mabanja ambiri safuna china koposa kumva zoona ndi mau a kupepesa, ndipo nkhani zambiri zimathera pomwepa.

Khomo lachiwiri ndi mabungwe oyang'anira khalidwe la ogwira nchito za chipatala. Medical Council of Malawi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, imaona za madokotala ndi othandiza ao; Nurses and Midwives Council of Malawi imaona za anamwino ndi azamba. Onse awiri ali ku Lilongwe, ndipo amalandira kalata ya dandaulo kuchokera kwa munthu wamba. Akapeza kulakwa angathe kudzudzula, kuimitsa munthu pa nchito, kapena kumfafaniza m'kaundula. Nchito yao ndi kulanga ndi kuteteza odwala ena. Chipukuta misozi sichichokera kwa iwo.

Khomo lachitatu ndi ofesi ya Ombudsman wa dziko, imene inabadwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994. Imafufuza kwaulere pamene munthu wachitiridwa chosalungama ndi a boma, makamaka amene alibe njira yapafupi yofikira kukhoti. Musaganize kuti za amai siziwakhudza. Mu 2019, Ombudsman wa nthawi imeneyo, mai Martha Chizuma, anatulutsa lipoti la amai amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala zazikulu za boma, naonetsa poyera kusasamala kumene kunalipo, nalamula kuti zinthu zikonzedwe. Ngati chipatala chikukanizani yankho kapena failo, lembani kumeneko. Ilikonso Malawi Human Rights Commission, yoona za ufulu wa anthu.

Khomo lachinai ndi khoti, ndipo ndiyo njira yodziwika yopezera chipukuta misozi. Mwana wakhanda sangadziimire yekha, tsono kholo kapena womlera amasuma m'dzina lake. Milandu yaikulu yotere imapita ku High Court, ndipo ya kuno kwathu imamvedwa ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130. Woimbidwa mlandu kawirikawiri si namwino yekha ai, koma amene anamlemba nchito. Chikakhala chipatala cha boma, loya adzaona ngati asumire boma kudzera mwa mlangizi wake wamkulu pa za malamulo, Attorney General, kapena khonsolo. Ndipo posumira boma lamulo lifuna kuti liyambe lachenjezedwa ndi kalata miyezi 3 mlandu usanalowe. Chikakhala chipatala cha mishoni kapena cha munthu, asumiridwa eni ake. Tinena ichi ife a Mpingo: chipatala cha mishoni sichiri pamwamba pa lamulo, ndipo Mkristu wodandaula moona za chipatala cha Mpingo wake sanachimwe.

Kuyambira mu 2017, malamulo a High Court amafuna kuti milandu yambiri yotere iyambe yapita kokambirana pamaso pa woweruza, kuti mwina mbali ziwiri zigwirizane. Zikakanika, mlandu umazengedwa, ndipo pamenepo pafunika dokotala wina wodziwa kuti achitire umboni. Khoti likapeza kulakwa, limawerengera ululu umene mwana wamva, zimene sadzatha kuchita m'moyo, kupunduka kwa thupi, ndi ndalama zimene banja laononga ndi limene lidzaononge pomsamala.

Mudzati: ife osauka loya timpeza kuti? Boma linakhazikitsa Legal Aid Bureau ndi lamulo la 2011, kuti ithandize amene sangathe kulipira loya. Iri ndi maofesi ku Lilongwe ndi m'maboma ena. A bungwe lathu la Chilungamo ndi Mtendere, CCJP, angakulozereni njira; yambani mwafunsa ku parishi. Chenjerani ndi anthu oyendayenda amene amalonjeza kukupezerani ndalama msanga mukawapatsa kangachepe. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve, ndipo loya aliyense mupangane naye za malipiro polemba, nchito isanayambe. Dziwaninso kuti milandu ya kukhoti imatenga zaka, ndipo wosuma angathe kuluza.

Mlandu wa kuboma umaola

Kumudzi timati mlandu suola, ndipo pabwalo la mfumu n'zoona: mdzukulu angathe kufunsa mbuzi ya agogo ake. Koma kukhoti la boma siziri choncho. Lamulo loika malire a nthawi limapereka zaka 3 zokha pa milandu ya kubvulala kwa thupi chifukwa cha kusasamala. Pali mfundo zina zokhudza ana, koma zimenezo azimasulire loya, inu musazitsamire. Chaka chikapita, namwino uja wasamutsidwa, failo yasowa, mboni yaiwala. Nzeru ndi kufunsa uphungu wa malamulo mwana asanakwanitse chaka chimodzi. Kufunsa si kusuma. Mukamva zonse mudzasankha nokha.

Mwana akabadwira kumudzi

Mu 2007 boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa, ndipo ngakhale mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho, malangizo a zaumoyo akhalabe akuti mai aliyense achilire kuchipatala. Mwana akabvulala m'manja mwa mzamba wa kumudzi, nkhaniyo kawirikawiri imakambidwa kwa a mfumu. Kumeneko kungapezeke chiyanjano, koma chuma cholera mwana wolumala sichingapezeke. Ndipo ngati banja lomwe linachedwetsa mai panyumba, kapena linammwetsa mwanamphepo kuti matenda afulumire, lidzifunse lokha lisanaloze chala wina. Mankhwala amenewo amalimbitsa matenda mopitirira muyeso, naika mai ndi mwana pangozi. Abambo, patulani ndalama ya ulendo wa kuchipatala pa ndalama za fodya zisanathe, ndipo mwezi ukayandikira mai akadikirire pafupi ndi chipatala.

Chikhululukiro ndi chilungamo

Ena mwa inu mudzafunsa ngati Mkristu ayenera kusumira mnzake, popeza tsiku ndi tsiku timapempha Atate kuti atikhululukire monga ifenso tikhululukira. Yankho la Eklezia n'lakale: kukhululuka ndi kuchotsa chidani mumtima, koma wolakwa amakhalabe ndi udindo wobweza chimene anaononga. Tidaphunzira zimenezi m'katekisimu pa za kulapa. Ambuye mwini anasimba fanizo la mai wamasiye amene sanatope kupita kwa woweruza kufikira atamweruzira mlandu wake, ndipo sanamdzudzule maiyo. Mungathe kupempherera namwino ndi mtima woona, n'kulembabe kalata ya dandaulo. Dandaulo lolungama limatetezanso mai amene adzagona pa bedi lomwelo chaka chamawa. Koma wosuma chifukwa cha dyera kapena kubwezera, ngakhale apambane, wataya chachikulu.

Chipukuta misozi chikaperekedwa, n'cha mwana. Si cha atsibweni, si cha feteleza, si cholipirira ngongole za abambo. Chisungidwe chifukwa cha mafizo, ulendo wa kuchipatala ndi sukulu yake. Wodya ndalama ya mwana wolumala adzayankha kwa Mulungu.

Ndipo ngakhale mkono usachire, ngakhale pasapezeke wolakwa, mwanayo ali ndi ufulu wake wonse. Malamulo aakulu a dziko amaletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala, ndipo mu 2024 panadza lamulo latsopano la anthu olumala, limene linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Mlembetseni sukulu pa msinkhu wake, musambise m'nyumba, musamtche maina. Mphakati umthandize mai wake ulendo wa ku Lilongwe ukafika, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tipempha atsogoleri a miphakati kuti awerenge nkhaniyi pa msonkhano wa mwezi uno, ndi kuti ankhoswe aifotokozere mabanja atsopano. Amene ali ndi khanda lotere asachite manyazi: abwere kwa akatekisiti kapena kwa Abambo ku parishi, ndi mabuku a kuchipatala m'manja, ndipo tidzathandizana kulemba kalata. Amai Maria, amene anabereka Mwana wake kutali ndi kwao, apempherere amai onse oyembekezera ndi onse owathandiza pobereka.